Mbale zakale za malemu bambo: ndigulitse zonse pamtengo umodzi?

Mayi ena a ku Matawale atilembera imelo yomwe ikukhudza mabanja ambiri muno mu Zomba. Mwachidule akuti: "Pokonza m'nyumba ya malemu bambo anga tapeza bokosi lachitsulo lodzaza mbale za gumbagumba zoposa 140. Bambo anagwirapo ntchito ku Kitwe ndipo anabwerera kumudzi mu 1978. Muli Jim Reeves wambiri, Dolly Parton, Boney M, nyimbo zauzimu, zina za ku Zambia zomwe sindikuzidziwa, timbale ting'onoting'ono ta kanindo ndi simanjemanje, komanso zina zolemera zomwe ziwiri zathyoka kale. Zina zachita nkhungu. Mnyamata wina wa ku Blantyre akufuna kutenga zonse pa K200,000. Ndimupatse? Nanga mtengo wake weniweni ndingaudziwe bwanji?"

Mayi, pepani chifukwa cha imfa ya bambo. Yankho lathu ndi lakuti musamupatse kaye. Sitikunena kuti mnyamatayo ndi wakuba, mwina mtengo wakewo ndi wabwino ndithu, koma palibe angadziwe zimenezo mbalezo zisanasankhulidwe. M'bokosi ngati lanulo, kawirikawiri mbale zochuluka zimakhala za mtengo wotsika kwambiri, ndipo ndalama zonse zimagona pa mbale zitatu, zisanu kapena khumi basi. Wogula wodziwa ntchito yake amakhala ataziona kale zimenezo, n'chifukwa chake amakonda kunena kuti "nditenga zonse". Ndipo mbale zomwe mukuti simukuzidziwazo, za ku Zambia zija, ndi zomwe ife tingayambe kuziyang'ana.

Ukale wa mbale paokha suonjezera mtengo. Kutchuka kwa woimba nakonso sikuonjezera, nthawi zambiri kumachita kuutsitsa. Chomwe chimakweza mtengo ndi pamene mbale inadindidwa yochepa, anthu oifuna lero ndi ambiri, ndipo yanuyo ili bwino. Jim Reeves, amene anamwalira mu 1964, ankakondedwa zedi kum'mwera kwa Africa kuno, ndipo kampani ya RCA inadinda mbale zake zankhaninkhani, zina ku South Africa komweko. Nyumba iliyonse ya mphunzitsi, kalaliki wa boma kapena msilikali wa ku Cobbe Barracks yomwe inali ndi gumbagumba inali nazo. Lero pa misika ya pa intaneti mbale zotere zimapita pa dola imodzi mpaka zisanu, ndipo ndalama yozitumizira kunja imaposa mtengo wa mbale yeniyeniyo. Chimodzimodzi Dolly Parton, Kenny Rogers, Don Williams, ABBA, Boney M, mabokosi a Reader's Digest, ndi zija za Springbok Hit Parade zomwe oimba ena ankangobwereza nyimbo zotchuka. Nyimbo zake n'zokoma, zisungeni ngati mumazikonda, koma musamangire bajeti pa izo.

Mwina munamvapo kuti mbale ina ya The Beatles inagulidwa pa madola 790,000 mu 2015. N'zoona, koma inali ya Ringo Starr mwiniwake, woimba ng'oma wa gululo, ndipo inali ndi nambala 0000001. Nkhani zoterezi ndi zomwe zimapangitsa anthu kuika mtengo wa galimoto pa mbale ya Elvis Presley yokandikakandika, n'kukhala nayo zaka osapeza wogula.

Yambani ndi kuzigawa m'mitundu

Pali mitundu itatu, ndipo iliyonse imafuna kasamalidwe kake. Zazikulu, za mainchesi 12, zokhala ndi nyimbo zingapo mbali iliyonse, ndi ma LP. Zimazungulira ka 33⅓ pa mphindi ndipo kampani ya Columbia ndi yomwe inazibweretsa mu 1948. Ting'onoting'ono ta mainchesi 7, ta nyimbo imodzi mbali iliyonse, timazungulira ka 45, ndipo tinayamba ndi RCA Victor mu 1949. Mitundu iwiriyi ndi yapulasitiki, imapindika pang'ono mukaigwira m'mphepete.

Zolemera zomwe zathyokazo ndi za 78, za galamafoni yopukusa ndi dzanja. Zambiri n'za mainchesi 10, nyimbo ya mphindi zitatu mbali iliyonse. Si zapulasitiki, zinapangidwa ndi utomoni wotchedwa shellac wosakaniza ndi fumbi la miyala, n'chifukwa chake sizipindika, zimangoti phwa! Ku Ulaya ndi ku America zinatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, koma ku South Africa makampani anapitiriza kudinda nyimbo za anthu akuda pa 78 mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Choncho 78 ya kwela kapena ya simanjemanje si yakale kwambiri monga mmene ikuonekera. Izi zichotseni m'bokosimo lero lomwe, muziike pazokha, chilichonse cholemera chisazipsinje.

Pali mtundu wachinayi womwe supezeka kawirikawiri. Mukaona mbale yomwe m'mphepete kapena pabowo pakuoneka chitsulo choyera, lebulo yake yolembedwa pamanja kapena pa taipi, nthawi zina ili ndi kabowo kachiwiri pafupi ndi lapakati, imeneyo sinadindidwe ku fakitale. Inajambulidwa mwachindunji m'situdiyo, ndipo mwina ilipo yokhayo padziko lonse. Musaitsuke, musaiimbe. Utoto wakuda wapamwambawo umasupuka, ndipo kuiimba kangapo kokha kumaitha.

Za ku Zambia, za ku Joni, za kwathu

Bambo anu anali ku Kitwe pa nthawi yabwino kwambiri. Chapakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zochuluka zoimbidwa pa wailesi zikhale za ku Zambia komweko. Mabandi a anyamata a ku migodi anatulukira ndi nyimbo za magitala aukali zomwe lero zimatchedwa Zamrock. Zochuluka mwa mbale zawo zinkadindidwa ku Ndola ndi kampani ya Teal, ndipo zambiri zinkatuluka pa lebulo ya Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo. Mayina oti muwafufuze ndi WITCH, Amanaz, Ngozi Family ya Paul Ngozi, Musi-O-Tunya ndi Rikki Ililonga. Gulu la Amanaz linali la ku Kitwe komweko, ndipo linatulutsa chimbale chimodzi chokha, Africa, mu 1975.

Mbalezi zinadindidwa zochepa chifukwa msika unali wa Zambia yokha. Kenako mtengo wa kopa unagwa, anthu anasiya kugula, makaseti analowa, oimba ambiri anamwalira, ndipo mbale zotsala zinatha ndi maphwando. Patapita zaka pafupifupi 30, anthu a ku America, Ulaya ndi Japan anayamba kuzifuna, makamaka kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles itayamba kuzitulutsanso. Lero yoyambirira ya m'ma 1970 yomwe ili bwino imapita pa madola mazana angapo, ndipo zina zimaposa pamenepo. Imodzi yokha yotere ikhoza kuposa K200,000 ija kutali.

Chenjerani ndi zodindidwanso. Mbale ya ku Zambia ya 1975 singakhale ndi barcode pachikuto, kapena adiresi ya pa intaneti. Kwa inu vutoli ndi lochepa poti bokosi linatsekedwa kalekale, koma kwa amene akugula m'manja mwa ena ndi nkhani yaikulu.

Timbale ta simanjemanje tambiri tinachokera ku Johannesburg. Amuna opita ku Wenela, ndipo pambuyo pake ku Theba, ankabwera nato pamodzi ndi njinga ndi mabulangete. Yang'anani malebulo a Gallotone, Troubadour, Trutone, Motella ndi Gumba Gumba. Awiri omalizawa anali a Mavuthela, nthambi ya Gallo yomwe Rupert Bopape anaiyambitsa mu 1964, kwawo kwa Mahlathini ndi Mahotella Queens. Spokes Mashiyane ndi chitoliro chake cha kwela mumupeza kwambiri pa 78. Izi zinagulidwa zambiri panthawi yake, choncho mtengo wa chimodzichimodzi ndi wapakati, koma zopanda mikwingwirima n'zosowa ndipo zili ndi ozifuna. Ta kanindo ndi ta rumba ya ku Congo tambiri tinadindidwa ku Nairobi. Franco ndi Tabu Ley amapezeka mosavuta. Timabandi tosadziwika ta benga ya ku Kenya, tomwe tinatulutsa kambale kamodzi kapena tiwiri n'kuzimirira, ndi tomwe nthawi zina timadabwitsa.

Tsono ngati mutapeza mbale ya oimba a kuno kwathu, imani kaye. Nyimbo zambiri za Amalawi za nthawi imeneyo zinajambulidwa pa matepi a MBC, yomwe inayamba mu 1964, ndipo sizinafike pa mbale n'komwe. Kampani ya Nzeru Record Company, yomwe inkatulutsa timbale ta oimba a kuno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, sinakhalitse. Nyimbo za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka zinadziwika kunja kudzera mwa Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, amene anakumana nawo mu 1967. Kale kuposa apo, wofufuza za nyimbo wina, Hugh Tracey, anayendayenda mu Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula bangwe, zeze, mangolongondo ndi nyimbo za pamtondo, ndipo zina mwa izo zinatuluka pa mndandanda wa ma LP 210 wotchedwa Sound of Africa. Chilichonse cha mtundu umenewu n'chosowa. Mwina pa intaneti simupeza mtengo wake chifukwa palibe anachigulitsapo, koma phindu lake kwa ife ngati dziko ndi lalikulu, ndipo tibwererako kumapeto.

Kudziwa kuti mbale yanu ndi iti kwenikweni

Chimbale chimodzi chikhoza kudindidwa m'maiko khumi, zaka zosiyanasiyana, ndipo mitengo yake imasiyana kutali. Choncho dzina la woimba silikwanira. Tengani kope, mbale iliyonse muilembere mzere wake: woimba, mutu wa chimbale, dzina la lebulo, nambala ya mbale yomwe ili pa lebulo ndi pamsana pa chikuto, ndi dziko lomwe inapangidwira. Kenako pendeketsani mbaleyo pa kuwala muone malo osalala aja a pakati pa nyimbo yomaliza ndi lebulo. Pamenepo pali manambala ndi zilembo zozokotedwa pamanja kapena zodindidwa. Amenewo ndi manambala a chikombole chomwe chinadinda mbaleyo, ndipo ndi omwe amasiyanitsa kudinda koyamba ndi kwapambuyo. Alembeni a mbali zonse ziwiri. Onetsetsaninso kuti mbale yomwe ili m'chikuto ndi yakedi, chifukwa pa phwando anthu ankangobwezera paliponse.

Mukatero lowani pa Discogs, tsamba la pa intaneti lomwe linayamba m'chaka cha 2000 ndipo ndi lomwe ogula ndi ogulitsa padziko lonse amadalira. Kufufuza n'kwaulere. Lembani nambala ya mbale, osati dzina lokha, ndipo fananitsani chithunzi cha lebulo ndi yanu, mtundu wake ndi kalembedwe komwe. Tsambalo limaonetsa mitengo itatu ya zomwe zinagulidwadi: wotsikitsitsa, wapakati ndi wokwereratu. Gwirani wapakati. Mitengo yomwe ogulitsa akuitanira musaikhulupirire, aliyense akhoza kulemba chilichonse. Onaninso chiwerengero cha anthu omwe ali nayo ndi cha omwe akuifuna. Ngati ali nayo ndi 30 koma oifuna ndi 900, mwagwira chinthu. Ngati ali nayo ndi 8,000 ndipo oifuna ndi 200, ikani mulu wa zomvera pakhomo. Tsamba lina la Popsike limasunga mitengo ya mbale zomwe zinagulitsidwa pa eBay, ndipo limathandiza pa zosowa kwambiri ndi pa ma 78.

Pa mbale 140 ntchitoyi ikutengerani madzulo angapo ndi bandulo yokwanira. Za Jim Reeves ndi anzake musatayepo nthawi, fufuzani ziwiri zokha kuti mtima ukhale pansi. Mphamvu zanu zipite pa za mu Africa.

Mmene mbale ilili

Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa. Ogula amagwiritsa ntchito muyezo wa magazini ya Goldmine. Near Mint ndi mbale yooneka ngati yangotuluka m'sitolo. VG+ ili ndi timizere topepuka tomwe sitimveka kwenikweni. VG imathetheka pakati pa nyimbo ndi pamalo a phee koma nyimbo imamveka bwino, siidumpha. G imaimba mpaka kumapeto koma phokoso silichoka. Mwa chizolowezi VG+ imapita pa theka la mtengo wa Near Mint, VG pa kota, G pa magawo 10 mpaka 15 pa 100. Ndiye ngati Near Mint ndi madola 200, VG+ ndi 100, VG ndi 50, G ndi 20 kapena 30. Chikuto nacho chimapatsidwa muyezo wakewake, ndipo LP yopanda chikuto imataya mtengo kwambiri.

Poyeza, sambani m'manja, gwirani mbale m'mphepete ndi pa lebulo pokha, muime pawindo m'mawa kapena pansi pa babu lowala. Itembenuzeni pang'onopang'ono. Mzere uliwonse womwe mwauona, pititsanipo chikhadabo mopepuka. Ngati chikhadabo chikukodwa, singano nayo ikodwa ndipo pamveka "tha, tha, tha" pa kuzungulira kulikonse. Ngati sichikukodwa, kawirikawiri sipamveka. Kenako yang'anani mtundu wa mizere ya nyimbo. Mbale yathanzi imakhala yakuda bii, yonyezimira. Yotuwa ngati yawazidwa phulusa, makamaka pa nyimbo zoyandikira pakati, inadyedwa ndi singano yakutha kapena mkono wolemera. Imeneyo ngakhale muitsuke bwanji mawu ake amakhala osasa, ndipo palibe mankhwala ake. Timizere tambiri tozungulira bowo lapakati timakuuzani kuti inaimbidwa kambirimbiri. Pomaliza iikeni pagalasi kapena patebulo losalala muone ngati yapindika.

Dzina la bambo lolembedwa ndi bolopeni pa lebulo limatsitsa mtengo pang'ono, koma musalifufute, mungang'ambe pepala. Ogula mbale za mu Africa amadziwa kuti zinavinidwa m'mabala ndi pa maukwati, ndipo yosowa amaigula ngakhale ili VG. Chomwe salola ndi kuuzidwa kuti ili VG+ pomwe ili G. Mukakayika, tchulani muyezo wotsika.

Kutsuka

Nkhungu ya pa mbale yapulasitiki imachoka. Pezani madzi osungunula (distilled water) aja othira m'batire ya galimoto, omwe amagulitsidwa m'mabotolo pa malo omwetsera mafuta. Werengani botolo bwino, akhale madzi okha, osati asidi. Madzi a pampopi kapena a pachitsime amasiya mchere m'mizere ukauma. Sakanizani magawo atatu a madziwo ndi gawo limodzi la isopropyl alcohol ya ku famase, n'kudonthezamo dontho limodzi kapena awiri a sopo wamadzi wotsukira ziwiya pa lita imodzi. Sopo akachuluka amasiya nanda yomwe singano imakokolola. Spiriti wofiirira uja, parafini, Jik, thinara ndi polishi, zonsezi ayi.

Yalani thaulo loyera patebulo, gonekani mbale, vundikirani lebulo ndi kapu kapena chivindikiro cha botolo lalikulu kuti isanyowe. Chotsani kaye fumbi ndi burashi yofewa youma, chifukwa mchenga ukakhalapo mukupukuta ndi inu amene mukukanda. Thirani mankhwala pang'ono, yendetsani burashi yofewa yopentera motsata mizere, mozungulira, osati mopingasa, katatu kapena kanayi. Siyani mphindi ziwiri. Tsukuluzani ndi madzi osungunula okhaokha, pukutani ndi kansalu kofewa kosasiya ulusi, n'kuimika mbaleyo pa choumitsira ziwiya, mumthunzi, kwa ola limodzi. Ikalowa m'chikuto isanaumitse, nkhungu imabwerera.

Ma 78 asakhudzane ndi alcohol ngakhale pang'ono, amasungunula shellac ndipo nyimbo imafufutika mukuona. Kwa iwo ndi madzi ndi dontho la sopo basi, mwachangu, osawaviika, ndipo aume usiku wonse.

Zikuto zankhungu zipukuteni panja ndi nsalu youma, mutavala chophimba mphuno, ndipo muziyanike pamphepo mbale mutazitulutsa. Timatumba tamkati tapepala tomwe tachita nkhungu titayeni, pokhapokha ngati tili ndi zithunzi kapena mawu a nyimbo, pamenepo ndi mbali ya mtengo. Tisungeni padera. Chikuto chong'ambika musachimate ndi selotepi, amasiya banga lachikasu losachoka.

Ngati mwapeza kuti mbale ina ndi ya madola mazana, ingochotsani fumbi ndi nkhungu yapamwamba, zotsalazo musiyire wogula. Ali ndi makina ake otsukira.

Musaziyese pa gumbagumba ya bambo

Tikudziwa kuti mtima ukufuna kumva nyimbozo pa makina omwewo. Koma gumbagumba yomwe yakhala zaka 30 osayatsidwa ili ndi mavuto ake. Ngati ndi ya mavalavu, zipangizo zina zamkati zinauma ndipo kuilumikiza kumagetsi mwadzidzidzi kukhoza kupsereza thiransifoma. Ipite kaye kwa wokonza mawailesi. Makina a BSR ndi Garrard omwe anali m'magumbagumba ambiri amayendera kagudumu ka labala komwe kamauma n'kuyamba kuterereka, ndipo girizi wake amalimba mpaka mkono kukana kubwerera. Choopsa kwambiri ndi singano. Ya safaya imatha pa maola makumi angapo okha, ya dayamondi pa maola 500 mpaka 1,000. Yakutha kapena yobenthuka imasema mizere ngati sompho, ndipo kuimba kamodzi kokha kukhoza kutsitsa mbale kuchoka pa VG+ kufika pa VG.

Makina akalewa ali ndi singano yotembenuza, mbali ina yolembedwa LP, ina 78. Ya 78 ndi yonenepa pafupifupi katatu, siyenera kukhudza LP kapena 45. Chizolowezi choika ndalama yachitsulo pamutu pa mkono kuti singano isadumphe ndi chomwe chinatuwitsa mbale zambiri za m'dziko muno. Makina abwino amapsinja ndi magalamu awiri mpaka atatu okha. Timakina tatsopano totchipa tooneka ngati sutikesi timapsinja ndi magalamu asanu kapena kuposa, choncho mbale yamtengo isapiteko.

Mukabwereka kapena kugula makina ogwiritsidwapo kale ntchito, onani kumbuyo kwake. Magetsi athu ndi 230V, 50Hz. Makina opangidwira ku America ndi a 120V, 60Hz, ndipo ngakhale mutagula chotsitsira mphamvu, ambiri mota yake imatsatira ma Hz, motero LP imazungulira pafupifupi ka 28 m'malo mwa ka 33⅓, woimba n'kumamveka ngati watopa. Kuyesa liwiro n'kosavuta: matani kapepala m'mphepete mwa chozungulira, muwerenge. Pa 33⅓ kazungulire ka 100 pa mphindi zitatu. Mawu akamatuluka otsika kwambiri ndi opanda besi, ndiye kuti ampulifaya yanu ilibe polowera polembedwa Phono ndipo mukufunika kabokosi kokweza mawu kapakati. Kulira kwa "mmmm" kosalekeza kumatha mukamanga kawaya kakang'ono ka ethi kumbuyo kwa ampulifaya.

Kusunga muno mu Zomba

Mzinda wathu uli m'tsinde mwa phiri, mvula imagwa yambiri kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chimanyowetsa makoma. Bokosi lachitsulo lotsekedwa, lokhala pasimenti, limachita thukuta mkati, ndiye gwero la nkhungu yanuyo. Mbale ziimirire chilili pashelefu, motalikirana ndi pansi masentimita osachepera 15, osagunda khoma lakunja. Zisapanikizane kwambiri, komanso zisatsamire mopendekeka. Kuzisanjikiza chogona ndi komwe kumazipinda ndi kudinda chizindikiro chozungulira pachikuto. Shelefu ikhale yolimba, ma LP odzaza masentimita 30 amalemera pafupifupi makilogalamu 15. Muziyang'ana kumbuyo kwake kamodzi pamwezi, chiswe ndi mphemvu zimakonda guluu wa zikuto.

Kutentha ndiye mdani winanso. Chipinda cha malata chopanda siling'i mu Okutobala, pawindo lolowa dzuwa, kapena kumbuyo kwa minibasi pa ulendo wa ku Limbe masana, zonsezi zikhoza kupinda mbale tsiku limodzi. Yopindika pang'ono nthawi zina imawongoka mukaiika pakati pa magalasi awiri n'kusanjikapo mabuku kwa masabata angapo, m'nyumba. Malangizo oti muike magalasiwo padzuwa musawatsate, mizere imafewa ndipo mawu amawonongeka ngakhale mbale itaoneka yowongoka.

Pofika pogulitsa

Izi ndi katundu wamasiye. Musanagulitse ngakhale imodzi, abale anu adziwe ndipo mugwirizane, makamaka ngati mndandanda wanu waonetsa kuti muli zamtengo.

Mukatha kusankhula mukhala ndi milu itatu: zochepa zija za mtengo wapamwamba, zapakati, ndi zambiri zotchipa. Mulu wotchipawo mukhoza kumupatsa mnyamata uja pamtengo umodzi popanda chodandaula, kapena kugulitsa kwa a malo odyera ndi ogona alendo omwe amakonda kukongoletsa makoma ndi zikuto. Zamtengo zigulitsidwe imodziimodzi. Dziwani kuti wogula kuti akagulitsenso sangakupatseni mtengo wa pa Discogs. Kawirikawiri amapereka gawo limodzi mwa atatu mpaka theka, poti iye ndi amene asenze zotumiza, kudikira wogula ndi chiopsezo choti katundu abwezedwa. Zimenezo si kubera. Kubera ndi kukupatsani mtengo wa Jim Reeves pa Amanaz. Tumizani zithunzi kwa ogula awiri kapena atatu: chikuto kutsogolo ndi kumbuyo, lebulo mbali zonse, manambala ozokotedwa aja, ndi mbale yonse pa kuwala kuti mikwingwirima ioneke. Mbale isachoke m'manja mwanu ndalama isanalowe.

Kugulitsa nokha kunja kumapindulitsa koposa koma kuli ndi zokhoma. Discogs imadula magawo 9 pa 100, ndipo kulandira ndalama kudzera pa PayPal kuchokera ku Malawi n'kovuta, motero ambiri amadalira m'bale wodalirika amene ali ku South Africa kapena ku UK. Potumiza LP, tulutsani mbale m'chikuto, muiike m'kathumba kake pambali pa chikutocho, chifukwa ikakhala mkati imang'amba m'mphepete katundu akamaponyedwa. Ikani katoni yolimba mbali zonse ziwiri, yoposa chikuto pang'ono. Ya 78 imangidwe pakati pa makatoni anayi, kenako ilowe m'bokosi lalikulu lokhala ndi zofewa masentimita asanu mbali zonse. Mu envulopu imafika zidutswa. Tumizani pa njira yokhala ndi nambala yolondolera katundu.

Mbale iliyonse yomwe mukuigulitsa, makamaka ya kuno kwathu, ijambulidwe kaye pa kompyuta. Waya wochokera pa ampulifaya ndi pulogalamu yaulere ya Audacity n'zokwanira, ndipo musunge ngati WAV, osati MP3. Jambulaninso zithunzi za lebulo. Kukhala ndi mbale sikukupatsani umwini wa nyimbo, choncho kopeyo ndi yomvera pabanja. Kuigulitsa kapena kuiika pa YouTube kuti muzipezerapo ndalama ndi nkhani ya eni nyimbo ndi bungwe loteteza umwini wa nyimbo la COSOMA.

Ndipo ngati m'bokosimo mwatuluka kambale ka Nzeru, 78 ya woimba wa ku Nyasaland, kapena ija yachitsulo yolembedwa pamanja, simukusowa kupita kutali. National Archives of Malawi ili mu Zomba momwemuno, ndipo ku University of Malawi ku Chirunga kuli aphunzitsi a zoimbaimba amene angakuthandizeni kuzindikira chomwe mwagwira. Pitani ndi zithunzi za lebulo pafoni poyamba, mbale yeniyeniyo itsale kunyumba mpaka mutagwirizana za amene aijambule, pa makina ati, ndi tsiku loibweza.